Juzi Yolukidwa Kawiri

Lamulungu lililonse mapemphero akatha, amayi a m'komboni ya pafamu ankakumana kuseri kwa shedi yosankhira fodya, pomwe khoma limatchinga mphepo. Famuyo ili pa msewu wochoka ku Karoi kupita ku Tengwe, ndipo kuyambira Meyi kumazizira kwambiri. Aliyense ankabwera ndi kathumba ka wulu ndi singano zolukira. Amene analibe singano za m'sitolo ankanola masipoko a njinga.

Luzia Fombe anayamba kupitako mu Meyi momwemo. Makolo ake anachokera ku Tete nthawi ya nkhondo, koma iye anabadwira pafamupo ndipo analeredwa ndi amalume ake, a Adriano. Zipewa ndi masokosi a ana ankaluka bwino. Juzi ya munthu wamkulu anali asanalukepo. Ankafuna kuti Mcloud Kamwendo, woyendetsa thirakitala, adzaivale Loweruka lomaliza la Juni, tsiku lomwe ankhoswe a kwa Mcloud analonjeza kuti adzafika kwa a Adriano kudzafunsira ukwati.

"Iwe Luzia, tanyamula tione," anatero mai Vimbai, omwe pakamwa pawo sipankapuma. "Chimenecho ndi juzi kapena thumba la feteleza?"

Amayiwo anaseka. Luzia anabisa nkhope.

"Unamuyeza bwanji pachifuwa mnyamatayo?"

"Ndi maso, mai Vimbai."

"Maso! Ife tinkayeza ndi manja awiri, mwana n'kubadwa juzi isanathe."

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Anali Shylet, amene onse ankamutchula kuti mai Tawanda. Mwamuna wake Yeremiya, mkulu wake wa Mcloud, anamwalira pa 9 Febuluwale, lole ya nkhuni zootchera fodya itagubuduka. Shylet anali adakali mu zovala zakuda. Pa gululo, ndiye ankathandiza anzake patani ikavuta. Ankangoyang'ana chithunzi cha juzi pa foni, n'kuwerenga masitichi ndi chikhadabo, mawa lake n'kubwera ataluka kale kachigawo kofanana nacho.

Anatambasula dzanja. Luzia anamupatsa cholukacho.

"Manja ako ndi abwino, koma ulusiwu ndi wopyapyala," anatero Shylet. "Ndiponso sukwana. Ufika pamapewa basi, mikono n'kusowa."

"Ndiye nditani, mai Tawanda?"

"Masula yonse. Ubwere kunyumba mawa ukaweruka. Ndili ndi wulu wabwino, wa juzi ina ya pa mabero a kaunjika yomwe ndinamasula."

* * *

Nyumba ya Shylet inali ya njerwa, ya zipinda ziwiri ndi kakhitchini panja, monga nyumba zonse za antchito okhazikika. Luzia anamupeza atakoleka ulusi wobiriwira kumsana kwa mpando, ketulo ikuwira pansi pake kuti nthunzi iwongole mapindi.

Pakona ya chipindacho panali mtolo waukulu womangidwa ndi bulangeti. Luzia anaudziwa. Zinali zovala za Yeremiya. Banjalo linagwirizana kuti mtolowo sumasulidwa mpaka Ogasiti, tsiku loika mwala pamanda, pomwe akuluakulu adzawaza zovalazo madzi a mankhwala n'kuzigawa. Anayang'ana kumbali.

"Khala apa," anatero Shylet. "Wobiriwirayu umuphatikize ndi wakuda wako uja, ziwiri pamodzi. Ikhala yokhuthala, mphepo ya pathirakitala siilowa."

"Ndiyambe ndi masitichi angati?"

"Handiredi ndi teni kutsogolo, chimodzimodzi kumbuyo. Alamu anga ndi malemu mapewa awo ndi amodzi."

Anamuphunzitsa patani ya zingwe zopotana: kusunga masitichi atatu pa kasingano kapadera, kuluka atatu otsatira, kenaka kubwerera kwa osungidwa aja. Luzia analakwitsa kawiri. Shylet sanakwiye. Ankagwira zala za Luzia n'kuziyendetsa yekha.

Akukulunga ulusiwo, Luzia anapeza kachidutswa kofiira kotalika ngati mikono iwiri, kolumikizidwa ndi mfundo pakati pa wobiriwira.

"Aka ndikadule?"

"Usadule. Ukasunge. Udzakalukire kumapeto kwa mkono wamanja, kakhale kamzere. Juzi ya mtundu umodzi imaoneka ngati ya mlonda."

Luzia anaseka, Shylet anamwetulira pang'ono.

"Amakukonda alamu anga?" anafunsa Shylet, maso ali pa singano.

"Amatero."

"Amayi awo atipo chiyani?"

"Ndikawapatsa moni amayankha. Kupitirira apo palibe."

"Ndi mmene alili," anatero Shylet. "Kokera ulusiwo, walekerera."

* * *

Milungu itatu Luzia ankaluka paliponse pomwe wapeza mpata. Akasokonezeka ankajambula pa foni n'kutumizira Shylet, yankho n'kubwera msanga: "Wapotoza mobwerera. Masula mizere iwiri." Mcloud naye ankatumiza ake.

"Ukubisa chiyani m'thumba lija?"

"Mankhwala okugwirani mtima."

"Wachedwa nawo. Unagwidwa kalekale."

Juzi inatha Lachisanu, pa 20 Juni. Luzia anamupatsa Mcloud madzulo a tsikulo pansi pa mitengo ya bulugamu, pafupi ndi pomwe amaimika mathirakitala. Ulusi wakuda uja unasintha mtundu wonse, juzi inaoneka yobiriwira moderako. Mcloud anaivala pamwamba pa ovolosi. Inamukhala ngati anabadwa nayo.

"Waluka wekha?"

"Ndi manja awa. Patani anandithandiza alamu anu."

Mcloud atamva zimenezo anagwedeza mutu.

"Alamu ali ndi mtima wabwino. Ndinkaganiza kuti andikwiyira."

"Akukwiyireni chifukwa chiyani?"

"Nkhani za kunyumba. Amayi akufuna ndidikire Ogasiti, ati ukwati usalowe pakhomo mwala usanaikidwe. Ine ndinawauza kuti kufunsira si ukwati. Amalume a Liberty avomera kupita kwanu Loweruka la sabata yamawa. Zatha."

"Ndiye muivule, muisungire Lowerukalo."

"Kuzizira konseku? Ndiivala Lamulungu kutchalitchi. Anyamata aone kuti ena tili ndi otisamala."

"A Mcloud, musandichititse manyazi."

"Ubwere udzawapatse moni amayi tikatuluka. Aone ntchito ya manja ako."

* * *

Luzia ankapemphera ku Katolika, kusukulu ya pafamu. Misa itatha anayenda mofulumira kupita ku tchalitchi cha a Kamwendo, n'kupeza anthu akutuluka. Amayi Lestina, amake Mcloud, anali ataima pakhomo ndi mlongo wawo, a Liberty. Shylet anali chapatali ndi ana ake atatu.

Luzia anagwada.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera, kaya iwe."

Mcloud anabwera akumwetulira, n'kutambasula mikono yonse iwiri.

"Amayi, taonani zomwe wandilukira Luzia."

Amayi Lestina anayang'ana pachifuwa, pamapewa, kenaka maso awo anaima pa mkono wamanja. Anagwira dzanja la mwana wawo n'kulitembenuza. Anasisita kamzere kofiira kaja ndi chala chachikulu, nthawi yaitali. Anakanda pang'ono ndi chikhadabo mpaka ulusi wobiriwira unalekana ndi wakuda.

"Mwanawe, ulusi uwu wautenga kuti?"

"Anandipatsa mai Tawanda. Ndi wa juzi ya pa mabero."

"Wa pa mabero."

"Inde, amayi."

"Wofiirawu unali chipewa changa," anatero amayi Lestina. Mawu awo sanakwere. "Chaka chatha Yeremiya anawotcha chigongono cha juzi yake akusonkhezera moto wa fodya. Ndinamasula chipewacho, n'kulukira chigamba pamenepo. Mfundo iyi ndi yanga, ndimamanga kawiri. Juziyo ndinaipinda ndekha, ndinaiika mu mtolo ndekha."

Anthu omwe ankapita anaima. Mai Vimbai anagwira pakamwa.

"Mai Tawanda!" anaitana a Liberty. "Tabwerani kuno. Mtolo uja munamasula?"

Shylet anabwera, anagwada pambali pa Luzia.

"Ndinamasula, amalume."

"Munapempha ndani?"



Mcloud anagwira m'munsi mwa juzi kuti aivule. Amayi ake anamugwira mkono.

"Leka. Wavala kale. Ukavula pano pamaso pa anthu n'kuiponya pansi, wamutaya mkulu wako kachiwiri."

"Amayi, ine sindinadziwe. Luzia sanadziwe."

"Kudziwa kapena kusadziwa, thukuta lake lili pathupi pako."

A Liberty anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso.

"Mphwanga, iwe wakulira muno, ukudziwa," anatero. "Chovala cha malemu sichivalidwa chisanawazidwe. Ndipo pa tsiku logawa, mng'ono amene wayamba kuvala cha mkulu wake ndiye wavomera kusunga nyumba ya mkulu wakeyo. Iwe wavala anthu asanakufunse n'komwe. Walowa nacho m'tchalitchi. Ine Loweruka ndikanena chiyani kwa a Fombe?"

Luzia anali adakagwada. Palibe anamuuza kuti adzuke.

* * *

Lolemba masana a Liberty anatumiza mawu kwa a Adriano: ulendo wa Loweruka wayamba waima, banja likufuna likhale pansi kaye.

A Adriano anali munthu wosalankhulalankhula. Anamuitana Luzia pakhonde.

"Unalowa m'nyumba ya mkazi wamasiye, mtolo uli pakona, iwe n'kulandira ulusi?"

"Anati ndi wa pa mabero, amalume."

"Mabero amabwera ndi lole Lachinayi, aliyense amaona amene wagula. Unamuonapo mai Tawanda akugula kanthu chimwalirireni mwamuna wake?"

Luzia anayang'ana pansi.

"Ine ndinauza kale azakhali ako a ku Mhangura kuti abwere Loweruka. Ndiwaimbire tsopano kuti chiyani? Kuti mwana wathu waveka chibwenzi chake zovala za maliro?" Anapumira m'mwamba. "Sindikukudzudzula kuti unaba. Koma anthu awa akati mnyamatayo ndi wa nyumba ina, ine sindingakupereke kuti ukakhale wachiwiri. Mayi ako sindinawalonjeze zimenezo."

"A Mcloud sangavomere."

"Wakuuza?"

Foni ya Luzia inali chete kuyambira Lamulungu. Iye anali atatumiza mauthenga atatu. Onse anaonetsa kuti awerengedwa.

* * *

Lachiwiri ataweruka anapita kwa Shylet. Anamupeza pakhomo akuluka kachipewa ka mwana, ngati palibe chachitika. Luzia sanakhale pansi.

"Mai Tawanda, ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Munandigwira zala ndi manja anu. Munkandiyankha mauthenga ngati mchemwali wanga. Nthawi yonseyo mukudziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndi kofiira kaja munakasiya dala."

"Apongozi anga maso awo afooka. Wobiriwira yekha sakanamuzindikira."

Luzia anabwerera m'mbuyo. Anagwira khoma.

"Mumawafuna a Mcloud?"

Shylet anaika singano pamiyendo. Koyamba anamuyang'ana kumaso.

"Ine ndinali ndi mwamuna, Luzia. Juzi imene ija ndinamulukira ndili ndi pakati pa Tawanda. Pomasula ndinkalira, mzere uliwonse. Usaganize kuti ndinkasangalala. Alamu anga sindiwafuna. Ndikufuna chitseko ichi."

"Chitseko?"

"Foromani anabwera mu Epulo. Nyumba izi ndi za antchito okhazikika. Ine ndimagwira ntchito ya nyengo, fodya akatha kusankhidwa dzina langa limachoka. Anati Julayi akatha ndituluke, pokhapokha ngati muno mukhala wantchito wokhazikika wa banja lomwelo. Wa banja lomwelo watsala ndani?"

"Mukanapita kwanu."

Shylet anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe.

"Kwathu kuti? Agogo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, ali m'manda kuseri kwa damu uko. Bambo anga ali pambali pawo. Ku Malawi ndikafike ndinene kuti ndine mwana wa yani? Kuno, kumaruzevha, kumidzi ya eni dziko, ndilibe ngakhale pomanga khola la nkhuku. Iwe ukachotsedwa muno mawa, ku Tete ukudziwa khomo loti ukagogode?"

Luzia anasakasaka khomo lotero m'mutu mwake. Sankalidziwa.

"Ndinawapempha alamu kawiri," anapitiriza Shylet. "Ndinati ingolembetsani kuti mukukhala muno. Anati anthu anena zambiri, iwe ukhumudwa. Anati azindigulira ufa. Ufawo ndikaphikire pansi pa mtengo?"

"Ndiye bwanji simunawalukire nokha, n'kuwaveka nokha?"

"Ya m'manja mwanga sakanavala. Ya m'manja mwako anavala tsiku lomwelo."

Mwana wamng'ono analira m'nyumba. Shylet anadzuka, anakulunga ulusi wake, anaima pakhomo.

"Undide, ndavomera. Koma patani ija waigwira bwino. Palibe pomwe unalakwitsa."

* * *

Uthenga wa Mcloud unabwera Lachisanu masana: "Tikumane pa chibhorani ukaweruka."

Luzia anapita kumjigoko wopanda chidebe. Dzuwa linali lisanalowe, amayi angapo anali pamzere wotunga madzi. Atamuona anasiya kucheza. Mcloud anaima chapatali, pafupi ndi njira yopita ku nyumba za njerwa. Anali atavala juzi ija. Pambali pake panali wilibala, m'mwemo matiresi opindidwa, bulangeti, chikwama ndi nsapato za kutchalitchi.

Luzia anayang'ana wilibalayo, kenaka mwini wake.

"Mukusamuka."

"Tamvera kaye, Luzia."

"Ndikumva."

"Takhala pansi masiku atatu. Ndakana, ndakana, mpaka amalume anandikalipira. Ndawauza kuti mkazi wanga ndi iwe. Koma za nyumba zija ndi zoona, ndinakafunsa ndekha kwa foromani. Ana a achimwene agona kuti? Ndalembetsa kuti ndikukhala kumeneko. Ndizigona kukhitchini, panja. Chitseko cha m'nyumba sindichigwira."

"Juziyo bwanji simunavule?"

"Amayi ati ndizivala mpaka tsiku la mwala. Adzaiwaza pamodzi ndi zinazo."

"Ndipatseni ndikaimasule. Ndichotse wakuda wanga, wobiriwira abwerere mu mtolo. Ndinaluka ndine, ndimasula ndine."

Mcloud anagwira kumapeto kwa mkono wa juziyo, koma sanaikoke.

"Ndinawafunsa zimenezo. Ati ulusi wa achimwene sungamasulidwe kachiwiri."

"Ndiye za mawa zatha."

"Zaima chabe. Mpaka Ogasiti. Amalume ako ndikawaona ndekha."

"Amalume anga anena kale. Sandipereka kuti ndikakhale wachiwiri." Luzia analankhula motsitsa chifukwa cha amayi a pamzere aja. "A Mcloud, ine ndaonapo mmene zimayendera tsiku la mwala. Mai Tawanda adzapatsidwa mbale ya madzi, adzayenda nayo pamaso pa amuna a banja, adzagwada pamaso pa amene amusankha. Inu mudzakhala mutagona pakhomo pawo miyezi iwiri, mutavala juzi ya mwamuna wawo. Akadzagwada pamaso panu, mudzasamba m'manja kapena mudzakana?"

"Ogasiti ali kutali."

"Sali kutali. Ndiyankheni."

"Ndikakana pamenepo, foromani adzamva tsiku lomwelo kuti ndinalembetsa zabodza."

"Ndiye mudzasamba."

"Sindinatero."

"Nenani kuti simudzasamba. Pano, anthu awa akumva."

Mcloud anatsegula pakamwa. Anayang'ana amayi a pachibhorani, anayang'ana matiresi ake, anayang'ana Luzia. Maso ake anali ofiira ngati a munthu amene sanagone.

Kumtunda kwa njirayo, pakhomo pa nyumba ya Shylet, amayi Lestina anatuluka ndi tsache m'manja. Anali atasesa kukhitchini. Anaika dzanja pachipumi kutchinga dzuwa, n'kuitana mokweza kuti komboni yonse imve, dzina lomwe palibe analitchulapo chiikireni Yeremiya m'manda.

"Bambo a Tawanda! Bweretsani katunduyo, kukuda!"

Luzia sanayang'ane kumtundako. Anayang'ana Mcloud yekha, kudikira kuti aone ngati dzinalo alimva ngati la munthu wina.

Mcloud anatembenuka.

"Ndikubwera, amayi," anayankha.